Tsiku Limene Ndinawamba Apongozi

Pali anthu pano pa Boma amene mpaka lero akandiona pamsika amayamba kutsokomola. Sikuti akudwala chifuwa ayi. Amatsokomola dala, wina n'kumadzikupiza kumaso ngati utsi wamulowa, ine n'kungopitirira ndi beseni langa pamutu ngati sindinamve. Nkhani yake aliyense amaikamba m'njira yake, moti ena afika ponena kuti ndinathira ndi mchere womwe. Za mcherezo ndi bodza. Zinazo, tsoka ilo, n'zoona, ndiye kuli bwino muzimve kwa ine mwiniwake.

Ine kwathu ndi kumtunda, kumidzi ya kupitirira Katondwe, kwa anthu a khasu ndi mbuzi. Ndinakwatiwa kuno kumadzi nkhondo ya kutsidya itangotha kumene, m'banja la anthu amene makolo awo anachokera ku Zumbo, tauni ya kutsidya kwa mtsinje. Ndisanabwere, alangizi anandikhazika pansi n'kundiuza za apongozi aamuna. Usawayang'ane kumaso. Usawapatse chinthu m'manja. Usadye iwo akuona. Usawakhudze, ngakhale malaya awo ali m'thupi. Ndipo dzina lawo lisatuluke pakamwa pako. (N'chifukwa chake m'nkhani ino dzinalo simulipeza. Kwa ine kulemba ndi kutchula n'chimodzimodzi.) Ndinafunsa kuti nanga ndikakhala ndi mawu oti ndiwauze? Anati, "Ukabala mwana, uzidzalankhulira mwa mwanayo."

Zinaterodi. Nditabala Tisa, ndinkagwada chapatali, nkhope kumbali, n'kunena kuti, "Tisa, uza ambuya ako kuti madzi osamba ali kubafa." Iwonso akuyang'ana mtengo wa msau ankayankha kuti, "Tisa, uza amako kuti zikomo." Tisa anali wakhanda, mano alibe, koma ndiye anali positi ofesi ya pakhomo pathu.

Apongozi angawo ndiwo anali kochi wa timu yathu ya mpira, Mcheni, dzina la nsomba yolusa ya mano ija. Ukochi anauyamba amuna anga akuyendabe opanda kabudula. Wezulo wawo wachitsulo unkakhala m'khosi pa chingwe cha ukonde, kumsika, kumaliro, ndi kutchalitchi komwe. Kalekale akuti ankawina, ndipo chikho chimodzi chadzimbiri chinalipodi m'nyumba, apongozi aakazi ankasungamo singano ndi mabatani. Koma m'masiku anga timu inkawina timasewero ta ziii, ta anthu ochepa. Akangobwera masewero aakulu, oti ndi a ku polisi omwe abwera kudzaonerera, basi, Mcheni inkasanduka kapenta. Maphunzitsidwe awo anali amodzi omwewo chaka ndi chaka: "Menyani kutsogolo, enawo thamangani." Choipitsitsa, pagolo ankaikapo mwana wawo, amuna anga, atate ake Tisa. Munthu wabwino, wosamwa, wodziwa madzi. Koma mpira unkamupulumuka m'manja ngati mlamba wamoyo.

Masapota anatopa. Mtsogoleri wawo anali Bonifasi, mkulu wa mawu ngati injini ya boti, amene pakati pa sabata ankagula nsomba padooko, Lamlungu n'kumaimba ng'oma kugalaundi. Ndiye anapeka nyimbo ija:

*Mudala pumula, Mudala pumula,*
*Pita ukawedze, bola yakukana.*

Apa ndivomereze kanthu. Ine ndinkagulitsa chakumwa cha munkoyo kugalaundi, Tisa ali kumbuyo. Nyimboyo inandilowa m'mutu, ndipo mwanayo inamulowa m'magazi. Akayamba kulira, kaya bere, kaya nyimbo za kwaya, palibe chinkathandiza. Koma ndikangoti "Mudala pumula," chete, tulo. Ndiye ndinkamuimbira kuseri kwa nyumba, chapansipansi, ndikaona kuti apongozi achoka. (Ndipo pansi pa mtima, Mulungu andikhululukire, ndinkaona kuti Bonifasi sakunama kwenikweni. Munthu wamkulu amayenera kupumula.)

Chaka chimenecho tinayamba taluza kwa anyamata a kwathu kumtunda, anthu oti mpira amauphunzirira m'munda mokolola chimanga. Boma yonse inachita manyazi. Kenaka kunabwera uthenga woti timu ya ku Zumbo iwoloka kudzasewera nafe. Loweruka lake ndikutsuka mabeseni padooko ndinamva ndi makutu angawa Bonifasi akulumbira.

"Mawa tikaluza, Mudala timuika mu mwadiya wopanda nkhafi, timukankhira pakati. A Zumbo amutole ngati amufuna."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Amene sanafike kuno sangadziwe, koma pamene Luangwa ikumana ndi Zambezi madzi amazungulira, ndipo mvuu zili pomwepo zikudikira ngati zinaitanidwa. Ng'ona nazo sizisankha kuti uyu ndi kochi. Chaka chomwe ndinakwatiwa tinalira maliro opanda mtembo a msodzi wodziwa kupalasa, wokhala ndi nkhafi yake m'manja. Tsono munthu wa imvi, m'kabwato ka mtengo kameneko, wopanda nkhafi? Ndipo ndinkadziwa kuti zonena anthu akuseka Loweruka, amazichitadi Lamlungu akamwa kachasu wa masau.

Lamlungulo kugalaundi sindinapite. M'mawa kunabwera pende wambiri, ndipo unali Okutobala, mwezi woti nsomba ukaisiya uku ukukamwa madzi, pobwera yayamba kale kununkha. Apongozi aakazi anali ku Katondwe kudikirira mchemwali wawo m'chipatala, ndiye ntchito yonse inali yanga. Ndinakhala pansi pa msau kutumbula, kung'amba, kutsuka. Pambali panga panali uvuni wathu wowambira nsomba. Ndi chikhoma chadothi cha makona anayi, chofika m'chiuno, m'kati mwake mphako. Pamwamba timaika waya, pawayapo nsomba, n'kuvundikira ndi lata kuti utsi usathawe. Pansi pali kamwa lake lolowetsera nkhuni. Muugwire bwino uvuni umenewu, chifukwa ndi umene unandichititsa manyazi.

Galaundi ili pafupi, ndipo bola, mpira ndikutanthauza, munthu umaimva osaiona. Athu akagoletsa, ng'oma imalira mpaka mbuzi kuthawa. Tsiku limenelo ng'oma inali duu. Ndinkangomva kagulu kochepa kakukuwa m'Chipwitikizi, kenaka bata. Kenaka kakuwanso. Nthawi iliyonse kakakuwa, ndinkadziwa kuti a Zumbo agoletsanso. Pamapeto pake ndinasiya kuwerenga.

Woyamba kufika anali atate ake Tisa. Anadutsa pabwalo ndi liwiro loti akanalionetsa m'galaundi bwenzi tikunena zina.

"Kwagwanji?" ndinafunsa.

"Nikaone makoka!" anatero osaima, n'kulowa m'bango kulunjika kumadzi. (Makoka ake ati, Lamlungu masana, atavala jezi ya golokipa?)

Posakhalitsa ndinamva kupuma kwa wefuwefu kumbuyo kwanga. Ndinaona mapazi okha, poti kumaso sindiyang'ana. Phazi lina linali ndi nsapato, lina lopanda. Ndinagwada msangamsanga, mpeni uli m'manja.

"Tisa," anatero apongozi, "uza amako kuti kubwera alendo. Ambiri."

Nthawi yomweyo ng'oma inayamba, osati kugalaundi koma mumsewu, ikubwera kuno. Nyimbo ndi yomwe ija, koma sinali yoseka ngati masiku onse. Inali ndi mano. 

Ndinaganiza mwachangu monga mayi wodziwa pakhomo pake. M'nyumba ndi moyamba kufufuza. Kuchimbudzi chitseko ndi thumba. Kumadzi ndi komwe akufuna kuwapititsa. Maso anga anagwera pa uvuni.

"Tisa, uza ambuya ako alowe mu uvuni."



"Tisa, funsa amako ngati namva bwino."

"Tisa, uza ambuya ako kuti ng'oma yafika pa mlambe."

Sanafunsenso. Ndinachotsa waya, n'kutembenukira kumbali kuti ndisaone munthu wamkulu akukwera chikhoma. Ndinangomva kubuula, ndi mawondo kulira. Tsono poti sindinkayang'ana, pobwezera wayayo ndinawagogoda naye pamutu. Anati "Mayo!" Ine ndinati, "Tisa, uza ambuya ako pepani, komanso awerame." Ndinayala pende yense pawaya mothinana, madzi ake akudontha m'kati, n'kuvundikira lata. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, mtima unangoti phwii. Pakamwa pa uvuni pankaoneka phazi lopanda nsapato lija. Ndiye ndinachita chimene ndinkayesa nzeru. Ndinatenga udzu wouma, ndinatenga nkhuni za mupani, n'kutsekera pakamwapo bwinobwino mpaka phazi kusowa.

Udzu wouma. Nkhuni za mupani. Pakamwa pa uvuni. Inu amene mukuwerenga mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. Ine nthawi imeneyo ndinadzitama kuti sukulu ndinalekera panjira koma mutu ulipo.

Analowa pabwalo ngati madzi osefukira. Amuna, anyamata, ndi amayi omwe. Ena ndi ndodo, ena ndi nkhafi pamapewa, fumbi koboo, fungo la kachasu patsogolo. Bonifasi anaika ng'oma pansi, thukuta likuyenderera.

"Amake Tisa, ali kuti Mudala?"

"Sininawaone." (Limeneli silinali bodza lenileni. Chikwatiwire ndinali ndisanawaonepo bwino.)

"Nanga golokipa wathu wa manja a sopo?"

"Apita kukaona makoka."

"Makoka! Uja angagwire chani? Olo nsomba yakufa ingamupite pakati pa miyendo!"

Anaseka, koma kuseka kwake kosafika m'maso. Anyamata analowa m'nyumba, anasuzumira pansi pa bedi, anagwedeza thumba la kuchimbudzi, wina anakwera ndi mu msau momwe. Mnyamata wina anatola nsapato imodzi ija panjira n'kuikweza pa ndodo. Ine ndinaima pafupi ndi uvuni, osachokapo.

"Ife sitifuna vambiri," anatero Bonifasi. "Tifuna wezulo, na Mudala akwereko mwadiya pang'ono, akaganize bwino pakati pa madzi. Manje tinkhala pamene pano. Azabwera. Nkhuku imabwera pakhomo."

Anakhaladi. Ena pamtondo, ena pamizu ya msau, ndipo mkulu wina wonenepa anabwera kudzatsamira chikhoma cha uvuni womwewo. Ndinamuuza kuti dothi lake ndi losalimba, anasuntha. Anayamba kukambirana bola, aliyense ali kochi. Wina akuti Mudala amaika mwana wake pagolo chifukwa cha chibale. Wina akuti Mudala saona patali, amauza anyamata kuti athamange mpira utapita kale. Wina akuti nthawi yopuma m'malo mosintha osewera amayamba kusimba za chikho chija. Mawu onsewa akugwera m'makutu a mwiniwake, ali chogwada m'phulusa, madzi a pende akumudonthera m'khosi.

Dzuwa linali lisanafooke. Ntchentche zinayamba kusonkhana pa lata. Tsono vuto la anthu a pa Boma ndi lakuti aliyense amadziwa nsomba. Ukanakhala kumtunda kwathu palibe akanafunsa. Bonifasi ananunkhiza m'mwamba, n'kuyang'ana uvuni, n'kuyang'ana ine.

"Amake Tisa, nsomba mwaika, nkhuni mwaika. Moto uli kuti?"

"Nkhuni n'zonyowa."

"Zonyowa? Mu Okutobala? Mvula munaiona kuti imwe?"

"Ndidikira kuti zikhe madzi kaye, nsombazo."

"Zakha kale izo. Muziononga."

"Kwathu kumtunda," ndinatero, mawu akutuluka opyapyala, "sitikoleza moto tsiku limene timu yaluza."

"Kwanu kumtunda simuluza, ndimwe munatimenya!" wina anakuwa, anthu n'kuseka.

Pagululo panali Amake Dolika, a nyumba yoyandikana nafe, mayi wa mtima wabwino woti sangaone mnzake akuvutika osathandiza. Anthu otere ndi oopsa. Anandiyang'ana mwachisoni.

"Mwana uyu wasokonezeka na mantha, taonani mwamene anjenjemerera. Nkhala pansi iwe, nikutengere moto kwanga."

"Ayi amayi, musavutike!"

"Kuvutika kwa chani? Apongozi ako aakazi akabwera apeze nsomba zaola, azakamba kuti ise ma neba tinali kuti?"

Anapita. Ndinafuna kuwathamangira koma sindikanasiya uvuni wokha pakati pa anthu aja. Ndinayamba kupemphera chamumtima kuti moto wa kwa Amake Dolika ukhale utazima. Mtima unkagunda mpaka Tisa kumbuyoku anaumva, chifukwa nthawi yomweyo anadzuka n'kuyamba kulira. Osati kulira wamba. Kulira kwake kuja kouma nako, kofiira nako maso.

Ndinamutembenuzira kutsogolo, ndinamupatsa bere, analavula. Ndinamugwedeza, ndinamuimbira ya kwaya, anawonjezera. Anthu anayamba kudandaula. Ndipo m'kati mwa uvuni ndinamva kanthu kakusuntha, lata n'kuti kwee pang'ono. Apongozi mdzukulu wawo ankamukonda koopsa, akalira sankatha kukhala. Ndinadziwa kuti mwanayu akapitiriza, munthu wamkuluyo adzitulukira yekha ndi pende pamutu.

Panali njira imodzi yokha. Ndinatseka maso, ndinapempha alangizi onse a kwathu andikhululukire, n'kuyamba chapansipansi:

"*Mudala pumula, Mudala pumula...*"

Tisa anadula kulira ngati wazimitsidwa.

 Kenaka Bonifasi anamenya ntchafu.

"Mwamva? Na mpongozi wake aimba! Na kamwana kaziba! Nyumba yonse yatopa naye!"

Ng'oma inalira. Bwalo lonse linalandira nyimbo, ine pakati, ndikuyendayenda ndi mwana, ndikuimba kuti apongozi anga apite akawedze, iwo ali pansi pa lata poti ndikanatambasula dzanja ndikanawakhudza. Ndikati ndisiye, Tisa ankayambanso. Ndiye ndinaimba. Amayi ena anandizungulira akuvina, akuwomba m'manja, wina anandimangira mpango m'chiuno. Misozi inkatsika, iwo ankayesa ndi ya chimwemwe.

Ndi pamene ndinamva fungo. Udzu ukupsa.

Nditatembenuka, Amake Dolika anali chogwada pakamwa pa uvuni, chikuni chamoto alowetsa kale m'udzu, akukupiza ndi chivundikiro cha poto, nkhope yawo yosangalala ngati munthu amene wachita ntchito ya Mulungu. Utsi woyera unayamba kutuluka m'mbali mwa lata.

Mukuganiza kuti ndinathamanga? Ayi. Mwambo ndi chinthu china. Ndinagwada pansi, nkhope kumbali, n'kukuwa kuti, "Tisa! Uza ambuya ako atuluke! Tisa, auze kuti akupsa!"

Tisa anali m'tulo. Ng'oma inameza mawu anga. Amene anandimva anayesa ndagwidwa ndi mizimu. M'uvuni munali zii. Apongozi, pakati pa moto ndi mwadiya wopanda nkhafi, anali atasankha moto. Mupani ukagwira sucheza, ndipo ndinamva nkhuni zikuyamba kuthetheka. M'maso mwanga ndinaona maliro, ndinaona apolisi, ndinaona ndikubwerera kumtunda ndi mwana ndi mbiri yoti ndinawamba bambo wa amuna anga ngati pende.

Kenaka lata linatsokomola. Chifuwa chachikulu, cha munthu wamkulu, chochokera pansi.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndimazikumbukira ngati zinachitikira munthu wina. Ndinamuponyera Tisa m'manja mwa Amake Dolika. Lata ndinalikankhira uko. Waya ndinamunyamula ndi nsomba zake zonse n'kumutaya m'fumbi. Ndipo ndinakuwa dzina la apongozi anga. Dzina lenileni, lobatizidwa nalo, mokweza ngati ndikuitana mwana wosamva amene wapita kumadzi. Ndinawagwira lamba wa buluku ndi manja awiri n'kuwakoka. Sindidziwa mphamvu zinachokera kuti. Anatuluka chafufumimba pamwamba pa chikhoma n'kugwera pansi. Kumbuyo kwa buluku kunkafuka utsi. Ndinatenga beseni la madzi otsukira nsomba, la matumbo ndi mamba omwe, n'kuwakhuthulira. Utsi sunathe. Ndiye ndinagwada n'kuyamba kuthimitsa ndi manja. Phaa! Phaa! Phaa! Pamatako pa apongozi anga, pamaso pa Boma yonse.

Nditazindikira chimene ndikuchita, manja anauma m'mwamba. Ng'oma inali itasiya. Ngakhale ntchentche ndikhulupirira zinaima. Agalu okha ndiwo ankagwira ntchito, akuthawa ndi pende wanga mmodzimmodzi.

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono. Ndipo poti malamulo onse ndinali nditaswa kale, ndinawayang'ana kumaso koyamba. Nkhope yakuda bii ndi mwaye, maso ofiira akutuluka misozi, mamba akunyezimira m'imvi, katumbo ka nsomba kali lende pakhutu. (Ndinadabwa kuona kuti Tisa anatengera mphuno yawo.) Anatsokomola nthawi yaitali. Anthu a ndodo aja anayamba kubisa ndodo zawo kumbuyo. Kuopseza munthu ndi kwina, kumuona atatsala pang'ono kupsa inu mukuvina ndi kwinanso.

Bonifasi anayesa kulimba mtima, koma mawu anatuluka ochepa.

"Mudala... ise tabwera chabe pa nkhani ya wezulo."

Apongozi anavula chingwe chija m'khosi. Wezulo unali ukudontha madzi a nsomba. Anautambasulira kwa Bonifasi.

"Tenga."

Bonifasi anabwerera m'mbuyo. "Ine? Awe, ine ndine wa ng'oma."

"Tenga. Sondo ikubwera tili na bola kumtunda. Usankhe timu."

"Mudala, ise sitinakambe kuti tifuna ukochi. Takamba chabe kuti imwe muchoke."

Apongozi anatembenukira kwa mkulu wonenepa uja, amene ankanena kuti iwo saona patali. Iye anayamba kufufuza kanthu m'thumba. Anatembenukira kwa wina. Ameneyo anati ali ndi ulendo wa ku Lusaka. Anazungulira bwalo lonse, dzanja lili chotambasula, buluku lobooka kumbuyo, ndipo paliponse pamene wezulo waloza anthu ankapatuka ngati ndi njoka. Aliyense ankayang'ana uvuni ukufuka, n'kumadziyeza ngati angakwanemo.

Atatha kuzungulira, anabwezera chingwe m'khosi.

"Mawa folo koloko, tilening'i," anatero. "Amene ali na nsapato yanga abweze."

Mnyamata uja anaitsitsa pa ndodo n'kuipereka ndi manja awiri. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akuti pepani, ena akuluma milomo kuti asaseke pafupi. Anakasekera pa mlambe. Ndinawamva.

Tinatsala atatu ndi Amake Dolika, amene ankangobwereza kuti, "Ine nenze kuthandiza chabe." Ndinatenga mwana wanga, ndinagwada chapatali, nkhope kumbali, ndikudikira mawu ondithamangitsa paukwati. Apongozi anayang'ana mtengo wa msau.

"Tisa," anatero, "uza amako kuti manja ake ni olimba. Sondo ikubwera aganizeko za pagolo."

Sindinadziwe ngati ndilire.

"Umuuzenso kuti nyimbo ija aimba bwino. Koma siyayamba lero kuseri kwa nyumba. Makutu yanga sanakalambe."

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika.

Atate ake Tisa anatulukira dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, opanda ngakhale kansomba kamodzi, akufunsa ngati alendo apita. Apongozi aakazi atabwera ku Katondwe n'kumva nkhaniyi, anaseka mpaka kugwira chikhoma cha uvuni, kenaka anapukuta misozi n'kundiuza kuti mwambo ndi mwambo. Ndinapereka nkhuku ziwiri, ina ya dzina, ina ya manja. Ya nyimbo sanandilipitse. Akuti iwonso ankaiimba potunga madzi.

Kumtunda kuja tinakaluzanso. Nyimbo sinathe, ndipo ana anga onse obadwa pambuyo pa Tisa agonera yomweyo, chifukwa ina saimva. Apongozi akadali ndi wezulo wawo m'khosi, anyamata akumenyabe kutsogolo enawo n'kumathamanga, ndipo chaka chilichonse Bonifasi amalumbira padooko kuti chino ndiye chomaliza.

Ine chimene ndinaphunzira n'chochepa: ukabisa munthu, usamutsekere ndi nkhuni. Zoti ndisamabise anthu mu uvuni, zimenezo sindinganene kuti ndinaphunzira, chifukwa si ine ndekha wolamula. Tisa pano ndi mtsikana wa sukulu, koma Lamlungu lililonse la masewero aakulu ambuya ake amaima pansi pa msau asananyamuke, n'kumuitana.

"Tisa, uza amako lero asakoleze moto. Na phulusa achotsemo. Kuli bola."

Ndipo ine ndimachotsamo.